Kingi Savina

Namwera
Lachinayi masana

Asiyatu mwana wanga,

Salaam aleikum. Ndikulemba ndili pa benchi yanga ya nsomba kumsika, iwe uli ku Lungwena kokatsanzika mayi ako aang'ono. Pepalali likanunkha utaka usadandaule, ndi utaka womwewo wakufikitsa pamene wafikapa. Ndasankha kulemba chifukwa ine ndi iwe pakamwa sitimvana. Dzulo tangoyamba nkhani ya galimoto ya a Kamwendo, iwe wakweza mawu, ine ndakweza kuposa iwe, mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Mtima wapachala umenewo unatengera ine, sindikana. Koma pepala sungalidule mawu. Ukabwera ulipeza pamwamba pa sutikesi yako, uliwerenge lonse usanayankhe.

Ndiyambe ndi kunyada, chifukwa kunyadako ndinakukhetsera thukuta. Tsiku lija dzina lako linatchulidwa pa wailesi kuti wasankhidwa kupita ku koleji ku Zomba, ine ndinali pompano ndikupimira munthu usipa. Ndinaponya mbale yopimira uko, ndinavina kuzungulira msika wonse, kuyambira kwa ogulitsa mchere mpaka kwa okonza njinga, mpango utagwa ine osadziwa. Munthu wa usipa uja anadikira mpaka kutopa, anadzipimira yekha. Amayi aja ankanena kuti mwana wa munthu wothawa nkhondo sukulu yake imathera ku chinamwali cha nsondo, tsiku limenelo ankachita kukankhana kufuna kundigwira chanza. Ndinawapatsa chanzacho mmodzimmodzi, ndikuwayang'ana m'maso. Mulungu andikhululukire, zinandikoma kwabasi. Unawoloka malire ukulira ndi minga kumapazi, osadziwa liwu limodzi la Chingerezi, lero ukupita kumene ana a mabwana amalephera kufika. Alhamdulillah. Tapambana, mwana wanga, ine ndi iwe.

Tsopano nkhani yathu ija. Mawa m'mawa pa siteji padzakhala basi imene aliyense amakwera, padzakhalanso galimoto ya a Kamwendo, amene atumiza uthenga kuti akudutsa kuno ndipo akutenga mpaka ku koleji. Iwe ukufuna galimoto, ine ndikuti basi. Ukuganiza kuti ndikuopa zija amaopa mayi aliyense mwana wake wamkazi akamakwera galimoto ya bambo wachilendo. Zimenezo ndikuziopa ndithu, nanga sindine mayi? Koma chimene chandithetsa njala si chimenecho. Ndikuopa mawu amene bambo amenewa anakuuza tsiku la mpikisano wa masewero, ndiponso nkhope imene unapanga powamva.

Ukukumbukira kuti tsiku limenelo ndinatseka benchi n'kukwera matola kudzakuonera kusukulu kwanu. Sewero lanu linali la m'buku lakale la azungu, Chingerezi chake cholimba ngati chimanga chokazinga, ine ndinangotolapo mawu apo ndi apo. Koma nkhani ndinaimva yonse, sindinafune womasulira. Unatuluka utafunda chinsalu chofiira, ndevu za makala, uli munthu wamkulu amene onse akumukonda ndi kumugwadira. Kenaka kunabwera ena n'kuyamba kukunong'oneza, uyu khutu ili, uyo khutu ilo. Ndinaona mapewa ako akukwera pang'onopang'ono. Ndinaona ukuyamba kuyang'ana anzako ndi diso la m'mbali. Pomaliza unatsala wekhawekha kutsogolo kuja, n'kugwa. Holo yonse inaimirira, ine ndinaimba nthungululu mpaka aphunzitsi aakulu anatembenuka kuona kuti wamisala ameneyu ndi mayi wa ndani. Koma pansi pa mtima ndinali nditazizidwa, chifukwa mayendedwe ako onse anali a bambo ako.

Titatuluka panja, a Kamwendo, amene anachokera ku koleji kudzaweruza mpikisanowo, anakugwira dzanja osalisiya. Ine ndinali pambali ndi thumba la mbatata zimene ndinakubweretsera. Sanandione n'komwe, koma makutu a pamsikawa samaphonya kanthu.

"Chemwali," anatero, "sewero lonse lija mwalinyamula nokha. Anzanuwo amangokukokerani pansi. Mukangofika ku koleji ndidzakuikani kukhala mtsogoleri wa gulu lathu la zisudzo. Amene alipo panoyo watopa, kwangotsala kumuuza."

Anzako amene munavutika nawo chaka chonse anali chapomwepo, akupinda nsalu ndi kubweza mipando. Sunawayang'ane. Nkhope yako inawala, chibwano chinakwera m'mwamba. Nkhope imeneyo, Asiyatu, ine ndinaionapo kale m'nyumba mwanga momwe.

Za bambo ako, Che Saidi, ukudziwa zimene ndinkakuuza uli wamng'ono: kuti anali katswiri wa gule wa beni, kuti anabwerera kutsidya kwa malire kukaona munda, nkhondo n'kuwapeza komweko. Zonsezo n'zoona, koma ndi mutu ndi mchira chabe. Anzako akamakunena kuti mwana wa kingi wovina, iwe n'kubwera ukulira, ine ndinkangoti asiye, ndi nsanje. Lero ndikuuza zapakati pake, chifukwa wakula ndipo mawa ukufunika kuzidziwa.

Ine ndinabadwira kuno, n'kuwatsatira bambo ako kwawo, mbali ya ku Mandimba. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu tinathawa chimanjamanja. Anzathu ambiri anakalowa m'makampu kukadikira ufa ndi nandolo zogawidwa, koma ife tinali ndi pofikira, kwa amalume anga Che Bwanali, amene iwe umawatcha agogo. Anatipatsa khitchini yawo kuti tizigonamo, anatidulira munda, ndipo Lachisanu loyamba anawagwira dzanja bambo ako kupita nawo ku mzikiti n'kuuza anthu kuti uyu ndi mkamwini wanga, womukhudza wakhudza ine. Nthawi imeneyo Che Bwanali anali kingi wa beni wa m'mudzi mwathu, ndipo anali atakhalapo zaka zambiri.

Beni umamudziwa, koma malamulo ake sukuwadziwa, poti kunyumba kwathu anasiya kufika iwe usanazindikire zinthu. Amuna amaima pamzere atavala makhaki, pachifuwa mamendulo a zotsekera mabotolo zosasantha ndi nyundo. Ife amayi timakhala kumbuyo kuimba. Kutsogolo kwa mzere kumakhala kaputeni, ndiye amavina kuposa onse. Pambali pamaima kingi, jekete lakuda, ndodo m'khwapa. Midzi ina mwina amachita mwina, koma kwathu kuno kingi savina. Ntchito yake ndi kuyang'ana. Amaona amene watopa, amene wapotoza mzere, amene ng'oma yamuthawa, ndipo ndi iye amakweza ndodo kuti gule athe. Onse amavinira iye, saluti amachitira iye. Lamulo lake ndi lakuti kingi akangolowa m'bwalo kuvina, ng'oma zimasiya, chifukwa palibenso amene akuyang'anira anthu.

Bambo ako atangolowa m'gulu, anthu anaiwala kuti ndi mlendo. Asiyatu, sindinaonepo munthu wovina choncho, ndipo sindikunena chifukwa anali amuna anga. Ankajowa n'kutera pansi osamveka, ankaguba ngati msilikali weniweni, kenaka n'kuthyoka pakati anthu osayembekezera, bwalo lonse n'kukuwa. Anthu ankachoka ku Chiponde wapansi kudzawaonera. Amayi a m'makampu ankalira akamawaona, ati taonani wakwathu. Chaka chisanathe Che Bwanali anawaika kukhala kaputeni, achinyamata obadwira konkuno ali pomwepo, ndipo palibe anadandaula chifukwa aliyense anali ndi maso.

Ndiye kunabwera a Phiri. Anali kalaliki wa ku boma, wochokera boma lina, amene ntchito yake inali kukonza zoonetsa alendo akunja obwera kudzaona othawa nkhondo. Ankabwera pa njinga yamoto. Usaganize kuti anali munthu woopsa. Anali wansangala, wopatsa ana maswiti, wodziwa kupereka moni wa Chiyao ngakhale ankaupotoza. Za beni sankadziwa kanthu, iye ankangofuna chinthu choti alendo ake akajambule. Tsiku lina gule atatha anawaitanira bambo ako pambali, ine ndili chapafupi ndi ndowa ya madzi.

"Che Saidi, inu ndiye beni yense ameneyu," anatero. "Alendo akufuna kuona wothawa nkhondo amene wadzuka n'kukhala mtsogoleri. Madala aja akalamba, akungokutchingirani. Inu mukakhala kingi, ine ndibweretsa mayunifomu, majombo, ndi lole yokutengerani ku boma."

Bambo ako anaseka. "Amenewo ndi apongozi anga, bwana. Ndimadya m'mbale mwawo."

Ndinakondwa ndi yankho limenelo, ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma njinga yamoto ija inabweranso, n'kubweranso. Ulendo wina bambo ako sanaseke. Ulendo winanso ndi iwo amene anawaperekeza a Phiri mpaka kumsewu, n'kubwera chibwano chili m'mwamba. Atakhala pamphasa anandiuza mawu amene mpaka lero amandipweteka.

"Abiti Yusufu, kwathu ine ndinali munthu. Ndinali ndi munda, ndinali ndi mbuzi, anthu ankayamba ndi iwo kundipatsa moni. Kuno ndine mkamwini wogona m'khitchini ya eni."

"Kuno ndinu kaputeni," ndinatero. "Ana onse m'misewumu akutsanzira inu."

"Kaputeni amachitira saluti munthu wina."

Uone bwino pamenepo, mwana wanga. A Phiri sanaike chilichonse mumtima mwa bambo ako. Anapeza bala limene nkhondo inasiya, n'kumalikanda basi. Ndimawamvetsa bambo ako, ndipo ndimawalirabe. Munthu wolandidwa zonse amafuna kanthu kena koti anene kuti aka ndi kanga.

Tsiku lake linafika. A Phiri anabwera ndi belo la kaunjika n'kulimasula pansi pa mtengo wa mango, gulu lonse lilipo. Munatuluka mathalauza a khaki ndi majombo. Achinyamata amene ankavina opanda nsapato chibadwire anangoti maso tong'o. A Phiri ananena poyera, akumwetulira, kuti katunduyu ndi wa gulu limene kingi wake ndi Che Saidi. Bambo ako anayang'ana pansi, koma sanakane. Che Bwanali anayang'ana mapazi ong'aluka a anyamata aja nthawi yaitali, kenaka anavula jekete okha, palibe anawagwira.

"Mkamwini, bwerani kuno," anatero. "Mukudziwa kuti kingi savina?"

"Ndikudziwa, apongozi."

"Chambone. Valani."

Anawaveka okha, anawakonzera kolala, anawapatsa ndodo, n'kutenga njinga yawo kupita kunyumba akuikankha. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unati bambo ako ndi mkazi wawo wawatuma. Amatero nthawi zonse, mwamuna akachita chinthu cholakwika amafufuza mkazi kuseri kwake. Ine sindinatume munthu. Amene anavulidwa jekete anali amalume anga enieni, mlongo wa mayi anga. Ndinakhala pakati, uku amuna anga, uku amene anatipatsa pogona, ndipo kuchitsime amayi ankasiya kulankhula ndikafika.

Masabata oyamba bambo ako anasangalala. Saluti ankailandira ngati anabadwa nayo. Koma ine ndinkayang'ana kumapazi. Ng'oma ikalira, zala zawo zinkavina m'kati mwa majombo, thupi lonse lili chiimire. Pamalo pawo pa ukaputeni panalowa mnyamata wina, wovina bwino ndithu, ndipo anthu anayamba kumuombera m'manja. Bambo ako ankabwera kunyumba nkhope ili ndwii, chakudya osadya. Posakhalitsa anamuchotsa mnyamata uja kutsogolo n'kumuika kumapeto kwa mzere, ati ndi wamwano. Anaikapo wina, nayenso atangoyamba kukondedwa anamuchotsa. Munthu amene kale ankaphunzitsa ana kuvina kuseri kwa mzikiti anayamba kuopa aliyense wovina bwino. Mzere unasokonekera, otsogola anali aulesi, akatswiri ali kumbuyo akung'ung'udza. Anthu a ku Chiponde aja anasiya kubwera, poti chimene ankadzaonera chinali chitaima pambali ndi ndodo m'khwapa.

Kenaka lole inabwera. Iwe unatsala ndi mayi ako aang'ono chifukwa unkadwala chikuku. Tinatsika mapiri a Chowe tikuimba, majombo akuwala, mpaka pa bwalo la ku boma. Alendo anakhala pamipando pansi pa tenti, makamera m'manja. Beni anayamba, koma anali wozizira, ndipo aliyense wodziwa gule anaona. Alendo anayamba kuyasamula, wina anayang'ana wotchi. Ndinaona a Phiri akuzungulira kumbuyo n'kufika pakhutu la bambo ako. Mawu ake ndinadzawamva pambuyo pake kwa bambo akowo: "Zamalamulo a kumudzi zisiyeni. Anthuwa abwerera inu. Lowani."

Bambo ako anaponya ndodo pansi n'kujowera m'bwalo ndi jekete lomwe. Asiyatu, anavina. Zonse zimene anazimanga miyezi yonse ija zinamasuka nthawi imodzi, fumbi linachita kuti koboo. Kwa kanthawi kochepa ndinaona amuna anga aja abwerera, ndipo misozi inatsika. Koma ng'oma yaikulu inasiya. Yachiwiri inasiya. Kang'oma kakang'ono kanayesa kupitiriza, mkulu wina anakagwira ndi dzanja. Ife amayi nyimbo inatifera pakamwa. Bambo ako anamva ndithu kuti ng'oma zasiya, koma sanaime. Anavinabe okhaokha, bwalo lonse likumva majombo okha akugunda pansi ndi kupuma kwawo. Alendo anaganiza kuti ndi mmene gule wake amathera, anaimirira kuomba m'manja ndi kujambula. Oimba ng'oma ananyamula ng'oma zawo n'kutuluka, mzere wonse n'kuwatsatira. Lole ya a Phiri sanaikwerenso, anakafuna matola. Pobwerera m'lole yonse ija tinalimo anthu awiri, ine ndi bambo ako, mpaka ku Namwera.

Patapita masiku bambo ako anapita ku ofesi kwa a Phiri kukafunsa kuti nanga tsopano titani. A Phiri anawalandira ndi nsangala yomwe ija, anati mwavina bwino kwambiri tsiku lija, koma alendo a ulendo uno akufuna magule a amayi. Anawapatsa chanza, n'kuitana munthu wotsatira pamzere. Sanali kubisa kanthu ayi, mumtima mwawo sanaone kuti alakwira munthu. Posakhalitsa anawasamutsira boma lina, ndipo ndikukhulupirira kuti dzina lakuti Saidi analiiwala kalekale.

Gulu linapita kwa Che Bwanali kukawapempha kuti abwerere, ndipo anabwerera. Chimene anachita poyamba chinali kutuma munthu kwa bambo ako kuti malo anu a ukaputeni alipo, bwerani tivine. Bambo ako anakana. Anati sangachitirenso saluti munthu amene iwo anamulanda jekete pamaso pa anthu, manyazi angawaphe. Munthu uja anatumidwanso, bambo ako anakananso. Mvula yoyamba itagwa anati akupita kutsidya kukaona ngati chinangwa chathu chilipo. Ndinawagwira malaya, ndinawauza kuti nkhondo sinathe, ndinawauza kuti taonani mwanayu. Anapita. Uthenga unabwera ndi anthu othawa kuti anaponda bomba lokwirira m'njira ya kumunda, ndipo anthu a komweko anawaika mwa Chisilamu. Ndinalira mpaka mawu anatha. Tsopano nkhondo yatha, malole akubweza anthu kwawo tsiku ndi tsiku, ine ndimangowayang'ana akudutsa. Bambo ako akanangopirira manyazi aja, bwenzi lero akukunyamulira sutikesi.

Chichokereni bambo ako beni sanafikenso pakhomo pathu. Che Bwanali sanatisunge chakukhosi, ankabwera kudzationa, koma oimba ng'oma anakana. Ngakhale pamene unatuluka ku nsondo, anzako onse ng'oma zinawafikira kwawo, kwathu kunali zii. Unandifunsa chifukwa chake, ine ndinati ng'oma zang'ambika. Tsopano wadziwa.

Usandimve molakwa, Asiyatu. Sindikuti ukadzichepetse n'kumabisala kumbuyo kwa anzako. Mwana wanga sabisala. Ine ndinayamba ndi dengu limodzi la utaka pamutu, ndikuyenda khomo ndi khomo, agalu akundithamangitsa. Lero amuna a njinga amandibweretsera nsomba kuchokera ku Lungwena ndipo amanditcha abwana. Benchi ino ndinkaifuna, ndinkailota, ndinaima padzuwa zaka mpaka malo anapezeka ndipo amayi anzanga anati khalani apa. Palibe amene ndinamukankha, n'chifukwa chake ndikachoka kupita kokapemphera amandigulitsira nsomba zanga. Ufune zazikulu, ufunitsitse. Utsogoleri wa gulu la zisudzo ukawufune ngati ukuwufuna. Koma ukalowe pakhomo pamene onse amalowera, ukanyamule mipando, ukadziwe dzina la munthu amene akuti watopayo, ukadzionere wekha ngati watopadi. Gulu lenilenilo likadzakuitana, udzavomere, ndipo udzanditumizire uthenga kuti ndidzazungulirenso msika.

Kodi wafunsa n'komwe kuti mtsogoleri ameneyo amachita chiyani? Mwina ntchito yake ndi kupempha galimoto, kulemba mayina ndi kukangana ndi ophika. Mwina sasewera n'komwe. Iwe chimene Mulungu anakupatsa ndi chija ndinaona m'holo muja, chimene chinaimiritsa anthu. Usakalole kuti munthu akuchotse m'bwalo pokuveka jekete. Bambo ako anafunsidwa, anayankha kuti ndikudziwa, koma mapazi awo sanadziwe.

Uzimvetsera mmene munthu akukuyamikirira. Aphunzitsi ako a Chingerezi ankakuyamikira n'kukuuzanso pamene walakwitsa, ndipo unkabwera kunyumba utakwiya nawo. Amenewo ndi anthu abwino. Koma amene sangathe kukuyamikira popanda kupondereza wina amene palibe, amene akuti ndiwe wekha, anzako ndi katundu, ameneyo uzimuyankha zikomo n'kusuntha. Sindikuti a Kamwendo ndi munthu woipa, sindikuwadziwa. Mwina ali ndi mkangano wawo ndi mtsogoleri ameneyo ndipo akufuna ndodo yomenyera. Mwina anangokondwa ndi sewero n'kulankhula mopitirira. Koma ukatsika m'galimoto yawo pa chipata cha koleji, gulu lonse lidzadziwa tsiku lomwelo kuti wabwera ndi ndani ndiponso wabwerera chiyani, usanatsegule n'komwe pakamwa. Ndipo usamangoyang'ana a Kamwendo, uzidziyang'ananso wekha. Bala la bambo ako nawenso uli nalo. Anakutcha mwana wa wothawa nkhondo zaka zonsezi, ndipo ukufuna tsiku lina onse adzaimirire ukamalowa. Ndikudziwa, chifukwa nanenso ndili nalo. Anthu ena amalinunkhiza balalo ali patali.

Zina ndi zazing'ono. Swala, mapemphero ako aja, usaisiye chifukwa anzako akuseka. Za chakudya ukudziwa, ukakayikira nyama idya nyemba, sunafepo nazo. Akamakuseka kuti Chichewa chako chikumveka Chiyao, uwayankhe m'Chingerezi chija cholimba chija, aone okha. Chitenje chobiriwira usabwereketse, sichibwerera. Ndipo mkwiyo wakowo uziwusiyako m'sutikesi, kumeneko kulibe mayi ako woti akukhululukire madzulo.

Tsopano imva chimene chachitika lero m'mawa, chimene chandipangitsa kugula pepala. Ndikuyala nsomba ndangoona Che Bwanali akubwera akukankha njinga, poti maso aja sakuwalolanso kupalasa. Anakhala pa ndowa yanga, ndinawapatsa moni, anapuma kaye.

"Abiti Yusufu," anatero, "mdzukulu wanga akunyamuka liti?"

"Mawa, mjomba. M'mawa."

"Dzulo tinakhala pansi, gulu lonse. Ine sindinalamule, ndinangofunsa. Oimba ng'oma avomera, akuluakulu aja omwe. Akuti mwanayu sanalande malo a munthu, anachita kuitanidwa pa wailesi dziko lonse likumva. Tibwera pakhomo panu ndi ng'oma zonse, timuperekeza mpaka pa basi."

Ndinangogwira pakamwa.

"Sindinathe," anatero. "Kaputeni wathu wanena yekha kuti mawa aima kumbuyo. Akuti kutsogolo kuvine mwana wa Che Saidi. Amayi savina kutsogolo, tikudziwa, koma tagwirizana tonse kuti la mawa lokha zitero. Ine ndiima pambali ndi ndodo yanga, maso angawa aona zimene angathe."

Ndinalira pamsika anthu akuona, ine amene amati Abiti Yusufu alibe misozi. Kenaka ndinaseka, ndinawapatsa utaka wodzaza thumba, ndinapita kukagula chitenje chatsopano. Msika wonse wadziwa kale, ndipo amayi ati mawa atseka mabenchi.

Ndiye zili choncho, mwana wanga. Beni amayenda pang'onopang'ono, ndipo galimoto ya a Kamwendo sidikira gule. Ukafuna galimoto uyenera kutuluka ng'oma zisanafike. Sutikesi ndi yako, sindiigwira. Ukasankha galimoto ndiwapatsa moni waulemu a Kamwendo, ndipo ndipita ndekha kukawabweza agogo ako panjira, ndiwauza kuti ng'oma zibwerere. Ndichita, ngakhale sindikudziwa kuti ndidzayamba ndi mawu ati.

Koma ine ndakubereka, ndimakudziwa. Ndinakuona kangapo kuseri kwa nyumba ukuguba ndi kujowa poganiza kuti palibe akukuona, ndipo umatera pansi osamveka. Vala nsapato zosaterera, fumbi la pamsewu ndi lambiri. Bambo ako anavina ng'oma zitasiya, alendo osawadziwa akuwaombera m'manja. Iwe mawa ng'oma zonse za m'mudzi muno zikubwera pakhomo pathu kudzaimbira iwe, ndipo ine ndikhala kumbuyo kwako ndi nthungululu ya beni imene ndaisunga chichokereni ku boma kuja.

Ndine mayi ako,
Abiti Yusufu